Lipoti la msonkhano wa kasankhidwe ka malo okumba chitsime cha pakhomo

A wapampando ndi mamembala nonse, nazi zomwe tabwera nazo kuchokera ku msonkhano womwe munatituma.

Nkhani yomwe inatenga nthawi yaitali ndi ya chimbudzi. Chitsime chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumtunda kwake, chifukwa madzi a pansi nthawi zambiri amatsata kutsetsereka kwa malo. Chimodzimodzinso khola, dzala ndi manda. Poyeza musaiwale chimbudzi cha oyandikana nawo nyumba, pakuti madzi a pansi sadziwa malire a puloti.

Komabe mamita 30 aja sakwanira paliponse. M'dothi la makande madzi amayenda pang'onopang'ono, ndiye tizilombo tambiri timafera m'njira. Mu mchenga wokhakhala kapena m'thanthwe la ming'alu uve umathamanga n'kufika patali, choncho pamalo otere onjezerani mtunda. Dzenje la chimbudzi nalonso lisafike m'madzi: pakati pa pothera dzenjelo ndi pomwe madzi amakwera m'dzinja patsale mamita 1.5 kapena kuposa.

Ambiri amathamangira malo otsika poti madzi amapezeka pafupi. Ife tikuona kuti apa m'pomwe pamaonongekera zitsime zambiri. Mvula ikagwa yamphamvu, madzi oyenda pamwamba amakokolola ndowe ndi zinyalala n'kuzithira m'chitsimemo, madzi n'kusanduka amatope. Ndi bwino kukumba mozamirapo pamalo okwera pang'ono. Pewaninso mitengo ikuluikulu, mizu yake imang'amba khoma la chitsime.

Musanakumbe, funsani eni zitsime zapafupi kuti anapeza madzi pa mamita angati, anadutsa dothi lotani, komanso ngati chitsime chawo chimaphwa. Kumbani kumapeto kwa chilimwe, madzi atatsikiratu. Chitsime chokumbidwa m'dzinja chimanamiza: chimadzadza msanga, wokumba n'kuleka, kenako chimauma dzuwa likafika pachimake. Ngati ndi mjigo, galimoto yoboola imafuna njira yolowera, ndipo pamwamba pasadutse mawaya a magetsi. Yambani mwafunsa ku ofesi yoona za madzi ngati pakufunika chilolezo.

Malo abwino paokha sateteza madzi. Mamita atatu oyambirira a khoma amatidwe ndi simenti kuti madzi a pamwamba asalowere m'mbali. Kukamwa kwa chitsime kukwezedwe ndi kuvundikiridwa, mozungulira muwake konkire yopendekera kunja, ndipo ngalande itengere madzi otayika ku dzenje la miyala patali. Mukamaliza, thirani klorini, ndipo madziwo akayezedwe ku labotale. Malire a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi mamiligalamu 50 a nitrate (mchere wochokera ku feteleza ndi ndowe) ndi 1.5 a fluoride (mchere wochokera m'miyala) pa lita imodzi ya madzi, ndipo E. coli (tizilombo topezeka m'ndowe) asapezekemo. Madzi oyera m'maso akhoza kukhala ndi zonsezi.

Tikupempha gululi kuti lisankhe anthu awiri oti azikayeza mitunda imeneyi ndi tepi membala aliyense asanayambe kukumba.