Chilengezo: Tikumana Loweruka ku Limbe

Mamembala nonse, moni.

Loweruka lino tikumana pamalo athu a masiku onse ku Limbe, 2 koloko masana. Tidzakambirana lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limaletsa kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo. Lomwelo ndi limene lidakhazikitsa Malawi CERT, gulu lothana ndi ziwembu za pa intaneti, pansi pa MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, intaneti ndi mawailesi.

Ena mumati izi n'za akuluakulu okha. Mwaiwala 2024, achiwembu a pa intaneti atasokoneza makina osindikizira mapasipoti, anthu n'kumangobwerera kunyumba chimanjamanja? Nanga atagwira makina oyendetsera magetsi kapena madzi, mipopi ya ku Ndirande n'kuuma gwa?

Bwerani ndi foni zanu. Amene pasiwedi yanu idakali 1234, musachite manyazi, tidzasinthira pomwepo. Chonde tisunge nthawi.

Mlembi