Tilembereni za Lily Banda

A Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Ulongwe, ku Angonia. Ine dandaulo langa ndi lakuti tsamba lanu la zisangalalo ladzadza ndi anthu a ma novela a ku Brazil, koma atsikana athu olankhula Chichewa amene akuoneka pa kanema simuwatchula nkomwe.

Mwachitsanzo Lily Banda wa ku Malawi kuja. Poyamba ankadziwika ngati woimba, kenako mu 2019 anasewera ngati Annie, mchemwali wake wa William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo, mu filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind yomwe anaijambula ku Malawi konko motsogozedwa ndi Chiwetel Ejiofor, amenenso anasewera ngati bambo ake a William. Chaka chomwecho anaonekanso mu Deep State ya pa TV.

Ife filimuyi tinaionera pa foni ya mlamu wanga, tili anthu asanu ndi awiri pa mkeka, batire likutha, ndipo a Ejiofor akamalankhula Chichewa ana amangoseka poti lilime limawalemera ndithu, koma Lily atangotsegula pakamwa agogo anati eee uyu ndiye mwana wakwathu uyu. Pamene Annie akuthawa ndi aphunzitsi ake a William chifukwa cha njala, agogo anakhala duu osayankhulanso, pajatu njala ya 2002 ija kunonso inatikhudza.

Ndiye chonde mufunseni Lily mafunso mumulembe bwinobwino, mwana wanga wamkazi amachita masewero kusukulu ndipo akufuna adziwe kuti mnzakeyo anayamba bwanji.

Wowerenga wanu,
Ulongwe, Tete