Zolaula pa graduation ya ana a mkaka, aphunzitsi aakulu akuseka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanuyi, chifukwa ndikangozisunga mumtima BP indikwera. Loweruka lapitali ndinali ku graduation ya mdzukulu wanga pa sukulu ina ya mkaka yomwe si ya boma muno mu Blantyre. Dzina la sukuluyo sinditchula, eni ake akudzidziwa. Paja masiku ano mwana akangotha kuwerenga kuchokera pa 1 mpaka 20 amavekedwa mkanjo ndi chisoti ngati wamaliza digiri ku Zomba, ndipo makolo amasonkha ya mkanjo, ya keke, ya wojambula zithunzi ndi ya DJ. Izo ndi zawo, ndalama ndi zawo. Ine wanga mlandu uli pa DJ ameneyu ndi akuluakulu amene anamulemba ganyu.

Mwambo unayamba bwinobwino. Abusa anapemphera, tinaimba nyimbo ya fuko, tiana tinalakatula ndakatulo m'Chingerezi chomwe enafe sitinachimve koma m'manja tinaomba. Kenaka woyendetsa mwambo anati yakwana nthawi yoti ophunzira athu avine. Mnyamata wa pa laputopu uja, chipewa atatembenuzira kumbuyo, anatsegula nyimbo ina yomwe ikuvuta m'mabala miyezi ino. Mawu ake sindingalembe pano, ndipo ngakhale nditalemba inu simungasindikize. Ndingoti woyimbayo amatchula thupi la mkazi chiwalo ndi chiwalo ngati akuitanira nyama pa chiwaya, n'kumafotokozanso zomwe akufuna kukachita nalo usiku. Masipika ake anali aatali kuposa ana amene ankavinawo.

Tiana ta zaka 4 ndi 5 tinalowa m'bwalo. Kamtsikana kena kanakwinyira mkanjo m'chiuno, kanagwira m'mawondo, n'kuyamba kudikula. Kanaimba mawu onse osaphonya ngakhale limodzi, komwe komwe kaja pa ndakatulo kanachita kunong'onezedwa ndi madamu mzere uliwonse. Amayi ena anadzuka ndi nthungululu kukafupa, ma K500 ndi ma K1,000 akugwa pansi, mafoni ali m'mwamba kujambula kuti madzulo akaike pa WhatsApp ndi TikTok. Aphunzitsi aakulu anali pa tebulo la alendo olemekezeka akuseka mpaka kupukuta misozi. Abusa aja anangoweramira mbale yawo ya mpunga.

Mwambo utatha ndinawapeza aphunzitsi aakuluwo. Anandigwira paphewa mwaulemu ndithu n'kunena kuti, "Agogo, musadandaule, ndi nyimbo chabe. Anawa samva tanthauzo, amangotsatira kulira kwa zoimbira."

Ndi nyimbo chabe! Yankho limeneli ndi lomwe landilembetsa kalatayi, chifukwa likuchokera kwa munthu amene sukulu yake yonse imayenda ndi nyimbo. Ana a mkaka amaphunzira a, e, i, o, u poimba. Masiku a pa sabata, miyezi ya pachaka, ziwalo za thupi, kusamba m'manja pochokera kuchimbudzi, zonsezi madamu amaphunzitsa ndi nyimbo chifukwa amadziwa kuti choimbidwa chimakhazikika m'mutu mwa mwana kuposa cholankhulidwa. Ndiye kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu nyimbo ndi mphunzitsi, koma likafika Loweruka, DJ akatsegula zolaula, nyimbo yomweyo yasanduka phokoso lopanda ntchito? Bwana, sankhani chimodzi. Mwana lero sakumva tanthauzo, inde, koma mawuwo wawasunga. Tanthauzo adzalipeza ali Sitandade 5, ndipo adzalipeza atazolowera kale kuti akavina choncho akuluakulu amaponya ndalama.

Amene amati nyimbo sisintha munthu akafunse andale. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chipani chiti chinayenda popanda nyimbo? Magalimoto a masipika anatigonetsa mochedwa m'makwalalamu, oyimba akutsogolera misonkhano. Andale athu tikuwadziwa, sataya ndalama pa chinthu chosabweretsa voti. Makampani a mafoni, a sopo ndi a feteleza amalipira nyimbo zotsatsa malonda pa wailesi. A zaumoyo akafuna kutichenjeza za Edzi, kolera kapena katemera amathamangira kwa oyimba. Ife amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikukumbuka amayi a Mbumba akuimba zotamanda Ngwazi ndi zonyoza omwe ankatchedwa zigawenga pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964, ndipo tinakula tikudana ndi anthu omwe sitinawaonepo n'komwe. Malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu Juni 2024, sanatchedwe Soldier chifukwa chogwira mfuti. Nyimbo zake zinkalimbitsa mtima anthu osauka ndi kusowetsa tulo olamula. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkasakaniza mauthenga a chidani ndi nyimbo za Simon Bikindi, ndipo bambo ameneyu mu 2008 khoti la ku Arusha linamugamula zaka 15 chifukwa cha mawu olimbikitsa kupha omwe analankhula pa chimkuzamawu. Sindikuti DJ wa Loweruka uja ndi Bikindi, ayi. Ndikungoti dziko lonse lapansi likudziwa mphamvu ya nyimbo, kupatula aphunzitsi aakulu a sukulu imodzi ya mu Blantyre.

Achinyamata ena andiyankha kuti agogo inu musanamizire chiyero, makolo anunso ankaimba zolaula. N'zoona, ndipo zina zinali zoopsa kuposa za lerozi. Amene anapita kuchinamwali akudziwa zomwe anamkungwi amaimba kutsimba. Amene analowa kudambwe akudziwa zomwe zimamveka kumeneko. Amayi pamtondo ankaimba nyimbo zojeda amuna awo, zina zoti mwamuna akamva ankangolambalala ngati sanamve. Koma chilichonse chinali ndi malo ake ndi eni ake. Nyimbo ya kutsimba inkathera kutsimba. Mwana wosavinidwa akayandikira ankathamangitsidwa ndi chikoti, ndipo munthu wamkulu woimba zoterezi pabwalo ana ali pomwepo ankalipitsidwa nkhuku kwa amfumu. Komanso mawu olaulawo ankabwera ndi mwambo, pali wamkulu amene akulangiza ndi kufotokoza. Ngakhale zinamwalizo mafumu ndi mabungwe akhala akulimbana nazo kuti ana ang'onoang'ono asamaphunzitsidwe za m'banja. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kudzudzula miyambo yotere. Ndiye kumudzi tikuuza anamkungwi kuti asiye, kutauni tikulemba ganyu DJ kuti achite ntchito yomweyo masana dzuwa likuswa mtengo, kwa ana a zaka 4, ndipo tikumulipira.

Sindikunena kuti mtsikana amatenga mimba chifukwa cha nyimbo yokha. Umphawi ulipo, abambo opanda manyazi alipo, sukulu zakutali zilipo. Koma mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kuyambira 2010 tili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana. Malamulo amenewa akuteteza chiyani ngati mnyamata amakula akumva tsiku ndi tsiku kuti mkazi ndi katundu wogula ndi mowa ndi mayunitsi, ndipo mtsikana amakula akumva kuti mtengo wake uli m'chiuno? Kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo kuupinda nakonso m'poyamba pomwepo.

Tsono funso langa lipite kwa a Censorship Board, bungwe la boma lounika nyimbo, mafilimu ndi mabuku, ngati akadalipo. Bungwe limeneli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo nthawi ya chipani chimodzi linali ndi mano mpaka kupitirira muyeso. Nyimbo ya azungu yotchedwa Cecilia inaletsedwa kuno chifukwa chongofanana dzina ndi Mama Kadzamira. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Zimenezo sindikuzilira ndipo zisabwerenso, tinazivotera kale mu 1993. Koma kuchoka pa kuletsa nyimbo chifukwa cha dzina la munthu kufika pa kusaletsa chilichonse, pakati pake palibe poima? Ndikukumbuka mu Januwale 2018 woyimba wina atatulutsa nyimbo yoopseza kugwiririra mkazi. Amayi ndi mabungwe atakuwa, bungweli linadzidzimuka, nyimboyo inaletsedwa, apolisi anamugwira mnyamatayo. Tinati eya, adzuka. Kuchokera pamenepo ine sindinamvenso kutsokomola kwawo. Kapena amadikira kuti nkhani iyambe yatchuka pa Facebook ndiye aziona?

A MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, nawonso ndi akatswiri potikumbutsa kulembetsa manambala a mafoni. Koma tsegulani mawailesi ena nthawi ya m'mawa ana akumwa phala, mumve zomwe owulutsa mawu akusankha. Wailesi zina zimayesako kudula mawu oipawo, koma zimadula mwaulesi moti mwana amamalizitsa yekha pomwe padulidwapo. Ndipo kunena zoona wailesi ndi mbali yochepa chabe. Nyimbo zambiri zimayenda m'mamemori kadi omwe anyamata a m'misika amadzaza pa kompyuta ndi ndalama yochepa, zimayenda pa Bluetooth, pa WhatsApp. A COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso, amalimbana ndi anyamata amenewa pa nkhani ya kuba luso, zomwe n'zabwino, koma zomwe zili m'kati mwa nyimbozo aliyense amati si ntchito yanga.

Kwerani minibasi ya ku Limbe kapena ku Chirimba nthawi yoweruka ana a sukulu. Mwakhala pampando umodzi ndi mpongozi wanu, mwana wa yunifolomu ali pamiyendo, dalaivala watsegula zomwezo mpaka galasi kunjenjemera. Mukati adalaivala tachepetsaniko, kondakitala amakuyankhani kuti madala gulani yanu galimoto. Anthu onse m'minibasimo amangoti zii, ena kuyang'ana pawindo. A kabaza nawo amangirira kasipika pa handulo. M'makwalala mwathu mabala amamangidwa khoma limodzi ndi nyumba za anthu, nyimbo mpaka tambala woyamba, ndipo ziphaso zake amapereka ndi a khonsolo ya mzinda omwewo amene zinyalala za mumsika zimawakanika kuchotsa. Msonkho wokha ndiye saiwala kutolera. Ku maukwati ndi ku zinkhoswe ndiye osanena, nthawi ya perekaniperekani apongozi amavinira pamodzi nyimbo yoti kale ikanathetsa ukwati tsiku lomwelo. Ngakhale masipika a matchalitchi ena a m'makalasi amatisowetsa mtendere usiku, koma imeneyo ndi kalata ina.

Ndipo sukulu za mkaka zimenezi amaziyendera ndani? Munthu amangopaka penti ya mitundumitundu pa mpanda wa nyumba yake, kujambulapo njovu ndi zilembo, basi sukulu yatseguka. Fizi kukwera teremu iliyonse, yunifolomu kugula pomwepo, graduation kulipira padera. Pa ndalama zonsezo palibe mphindi khumi zoti wina akhale pansi ndi DJ n'kumufunsa kuti achimwene, mwatitengera nyimbo zanji? Makolo anzanga nanunso mundikhululukire, koma amene munaponya ndalama aja ndinu amene mawa muzidzalira kuti ana a masiku ano ndi osamva. Kanema amene munajambulayo pano ali m'mafoni a anthu omwe simukuwadziwa, ndipo simudziwa akumuonera chiyani mwana wanuyo.

Oyimba athu luso ali nalo, zoimbira zikumveka bwino kuposa kale, ndipo ena akutitchukitsa kunja. Sindikupempha kuti onse aziimba za kwaya. Akuluakulu akafuna zawo akamvere ku bala, chitseko chitsekedwe. Koma a bungwe la oyimba la MUM auzeni anthu anu kuti nyimbo yotere izituluka pawiri, ina ya ku bala, ina yoyera yoti n'kuimbidwa pagulu. A MACRA aike maola, zolaula zisamveke pa wailesi ana asanagone, wophwanya alipe. A Unduna wa Zamaphunziro pamodzi ndi unduna woona za ana alembe kalata imodzi yokha yopita ku sukulu zonse, za boma ndi zomwe si za boma, yoti pa mwambo uliwonse wa ana DJ azipereka mndandanda wa nyimbo kwa mphunzitsi wamkulu ndi wapampando wa komiti ya makolo tsiku lisanafike, asainire, ndipo akaimba ina yosakhala pa mndandandawo asalandire malipiro ake otsala. Eni minibasi nawo auze madalaivala awo. Zimenezi sizikufuna msonkhano wa sabata yathunthu ku Mangochi ndi ma allowance, pepala limodzi ndi sitampa zakwana.

Ndine,
Gogo wokhumudwa,
Chilomoni, Blantyre