Ma TV awiri safuna madikoda awiri nthawi zonse

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa nkhani yomwe ikuwonongetsa anthu ndalama m'masitolo ogulitsa zamagetsi. Mwezi wathawu mayi anga aang'ono anagula TV yachiwiri yoti ikhale kuchipinda, chifukwa miyendo sikuwalolanso kukhalitsa pabalaza. Wogulitsa anawauza kuti TV iliyonse imafuna dikoda yakeyake, iwo n'kupereka ndalama osafunsa. Chonsecho ankangofuna kuonera nkhani zamadzulo ndi mapemphero a Lamulungu ali chigonere, zomwenso a pabalaza amakhala akuonera nthawi yomweyo. Waya umodzi ukanakwanira.

Dikoda wamba imalandira siginolo kuchokera ku dishi kapena eriyo, n'kutsegula tchanelo imodzi pa nthawi imodzi. Chithunzi chimenecho mungathe kuchigawa ku ma TV awiri kapena atatu podzera pa kabowo kolembedwa RF OUT ngati dikoda yanu ili nako, kapena pa kachipangizo kogawira HDMI, waya wotumiza chithunzi ndi mawu ku TV. Kungoti onse muzionera chinthu chimodzi. Bambo akasintha pabalaza kuti aone mpira wa Bullets ndi Wanderers, wa kuchipinda naye waona mpira, afune asafune. Apa ndiye pamene dikoda yachiwiri imafunikadi, pamene anthu a m'nyumba imodzi akufuna kuonera zosiyana nthawi imodzi. Ndipo sikuti pafunika dishi yachiwiri ayi. Katswiri amangosintha kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kaja, LNB, n'kuika kokhala ndi mabowo awiri kapena kuposerapo. A DStv alinso ndi njira yotchedwa XtraView, yolumikiza madikoda a m'nyumba imodzi pa akaunti imodzi, mwini wake n'kumangowonjezerapo kangachepe pamwezi m'malo molipira kawiri.

Palinso china chomwe ambiri sauzidwa. Ma TV ena amakono amabwera ndi DVB-T2 m'kati mwake, njira ya digito yomwe dziko lathu linasankha pamene mayiko ankathamangira tsiku la 17 June 2015 lomwe bungwe loona za mauthenga padziko lonse la ITU linaika loti asiye analogi. TV yotere imatha kukoka matchanelo osatsekedwa ndi eriyo yokha. Otsekedwa, olipira aja, ndiwo amafunabe dikoda ya kampani yake.

Pempho langa likupita kwa a MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mauthenga m'dziko muno, ndi makampani a kanema: falitsani uthengawu m'Chichewa pa wailesi, monga munkachitira nthawi yosamukira ku digito. Ogulitsa nawonso aziyamba afunsa wogula kuti, "Kodi mukufuna muzionera zofanana kapena zosiyana?" Mayi anga aang'ono akanafunsidwa funso limeneli, ndalama ya dikoda ija ikanagula mankhwala a miyendo, ndipo bwenzi pano sakulipira maakaunti awiri mwezi ndi mwezi.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre