Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: ululu ndi kusowa tulo

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi anzanga nonse a gulu lathu losamalira odwala kumudzi, zikomo pondituma ku msonkhano wa maphunziro wa ku Lilongwe. Ndabwerako Lachisanu madzulo. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ndapereka kale kwa a Mlembi. Amene akufuna kudziwa momwe alawansi yayendera akaone kumeneko, chifukwa zonenera kumsika zija zinandipweteka chaka chatha.

Tsiku loyamba m'mawa linatha ndi malonje ndi zolankhula za alendo. Masana anatiphunzitsa kudzaza mafomu, zomwe timachita kale.

Chimene ndabwera nacho ndi phunziro la tsiku lachiwiri, lomwe anapereka namwino wina wosamalira odwala matenda a mgonagona. Tonse timadziwa kuti munthu amene akumva ululu sagona. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kusagonako nakonso kumakulitsa ululu wa mawa lake. Anatifotokozera kafukufuku wa mu 2019 wa ku yunivesite ya California ku Berkeley. Achinyamata athanzi anawalola kugona bwino usiku wina, usiku wina n'kuwachezetsa mpaka mbandakucha. Kenako ankawatenthetsa khungu la mwendo pang'onopang'ono. Atachezera, ankayamba kudandaula msanga, kutentha kusanafike pamene ankapirira atagona. Zithunzi za ubongo zinaonetsa mbali yomva ululu itagalamuka kwambiri, pamene mbali zothandiza kuziziritsa ululu zinali zitafooka.

Pomwepo ndinakumbukira agogo aja a kutsidya kwa mtsinje, amene mapazi awo amaotcha ngati aponda makala. Timafika m'ma 9 koloko, timati mwadzuka bwanji agogo, iwo amati ndadzuka bwino, ife n'kulemba m'buku kuti ali bwino. Koma mdzukulu wawo anandiuza kuti usiku amakhala tsonga pamphasa, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira mpaka tambala woyamba. Miyezi yonseyi takhala tikulemba moni wa ulemu ngati yankho la matenda. Namwinoyo anati tizifunsa kuti mwagona nthawi yanji, mwadzuka kangati, chakudzutsani n'chiyani. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposerapo. Ndipo tizifunsanso gadiyani, chifukwa nayenso sagona.

Pa za mankhwala anabwereza malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 1986 akuti mankhwala a ululu wa khansa azimwedwa potsata nthawi, osadikira kuti ululu uyambe wabwera. Morphine wamadzi, mankhwala amphamvu oletsa ululu, amamwedwa maola 4 aliwonse, ndipo adokotala ndiwo amakonza mlingo wa pogona kuti wodwala asadzutsidwe ndi ululu pakati pa usiku. Kwa a mapazi ootcha, kuchipatala nthawi zina amapereka amitriptyline womwa usiku. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri anayamba kulandira mu 2019, amasowetsa tulo anthu ena. Oterewa asasiye kumwa, akafunse kuchipatala za kusintha nthawi yomwera.

Panabuka mkangano pa kachasu. Abambo ena anati katoti kamodzi kamagonetsa. Namwino anavomera kuti munthu amagona msanga, koma tulo take n'toduladula, ndipo kuphatikiza mowa ndi morphine n'koopsa. Ine ndinali mbali ya namwino, chifukwa kwathu kuno taziona. Tiyi wamphamvu wa madzulo nayenso anamutchula.

Msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse liwonjezere mzere wa usiku m'buku la maulendo. Ichi ndinachikwezera dzanja ndi mtima wonse. Koma mfundo yoti odzipereka tiziyenderanso odwala madzulo ndinaikana, ndipo ndikuikanabe. Tiyenda ndi chiyani? Njinga ya gulu ili pakhonde kuyambira nthawi ya dzinja, tcheni chinaduka, ndipo tikafunsa timangomva kuti komiti ikambirana. Tochi tilibe. Amayi sangawoloke mtsinje uja mumdima.

Ndipo poti tikunena za tulo, ndifunse za mabulangete aja. Tinalemba mayina a odwala 12 mu Meyi, Juni wadutsa ndi chisanu chake, analandira ndi ochepa. Munthu wa nyamakazi wogona pamphasa pansi pozizira, wofunda chitenje chimodzi, ngakhale mutamupatsa panado sagona. A Wapampando, nkhaniyi ikhale yoyamba pa msonkhano wa Loweruka, ndipo mndandanda wa amene analandira uwerengedwe tonse tikumva.

Loweruka lomwelo aliyense abwere ndi buku lake ndi rula, tijambule mzere wa usiku uja limodzi. Ine Lolemba ndiyamba ndi agogo a kutsidya, ndipo ndapempha mdzukulu wawo kuti akakhalepo.