Ndavomerezedwa ntchito pachipatala chachikulu cha mumzinda, koma ndikulephera kusaina kalata

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 36, namwino komanso mzamba, ndipo ndagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha kumudzi kwa zaka 11. Ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 13 ndi wamwamuna wa zaka 6. Sabata yatha ndinalandira kalata yondidziwitsa kuti ndinakhoza mayeso a ntchito amene ndinakayesedwa pachipatala china chachikulu cha mumzinda, ndipo anandipatsa masiku 14 oti ndiyankhe ngati ndikuvomera kapena ayi. Pamene ndikulemba pano masiku asanu atha kale, koma kalatayo ndikungoyenda nayo m'chikwama, kusaina osasaina, kutaya osataya. Ntchitoyi ndinaifunsira ndekha popanda wondikakamiza, ndipo ndinaipempherera kwa miyezi yambiri, koma lero yabwera ndikuiopa. Ndaganiza zokulemberani chifukwa aliyense amene ndingamufunse nzeru kuno ali ndi mbali yake pa nkhaniyi.

Ndiyambe ndi chimene chinandichititsa kufunsira ntchitoyo. Usiku wina chaka chatha ndinali ndekha pa shifiti, ndipo mayi wina amene anali atangobereka mwana wake wachisanu anayamba kutaya magazi. Kusukulu anatiphunzitsa kuti mayi akataya magazi okwana mamililita 500 m'maola 24 oyambirira atabereka ndiye kuti zinthu zavuta, ndiponso kuti vuto limeneli ndi limene limapha amayi ambiri pa uchembere padziko lonse. Ndinachita zonse zimene manja anga amadziwa. Ndinamubaya jakisoni wa oxytocin wothandiza kuti magazi asiye kutuluka, ndinamuika madiripi m'mikono yonse iwiri, ndinasisita mimba kuti chiberekero chilimbe, ndipo magaziwo atakana kusiya ndinapanikiza chiberekerocho ndi manja anga awiri, lina mkati lina pamimba. Pachipatala pathu palibe fiyeta, chipinda chochitiramo opaleshoni, ndipo sitisunga magazi oti munthu n'kuwonjezeredwa, choncho chimene chinatsala chinali kudikira ambulansi basi. Magetsi anali atazima, ndipo amene anandiunikira ndi tochi anali mayi wokolopa m'wodi, yemwe ankatembenukira kukhoma kuti asaone magazi koma dzanja lake osasuntha. Ambulansi inafika patatha pafupifupi maola atatu. Mayi uja anapulumuka, ndipo masiku ano akandiona amandigwadira pondipatsa moni.

Chimene chinandiopsa chinachitika kutacha. Ndinakhala pakhonde la wodi manja akunjenjemera moti ndinalephera kumasula chingwe cha epuloni, koma mumtima munalibe chimwemwe, munalibenso chisoni, munangoti zii. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kudzigwira ndikukalipira amayi oyembekezera pa zinthu zazing'ono, ndipo kulira kwa mayi amene ali pa ululu wobereka, kumene kale kunkandidzutsa pampando msanga, kunayamba kumveka ngati phokoso wamba. Ndinadzawerenga kuti m'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafotokoza za kutopa kobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pantchito, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito n'kuichotsa mumtima, ndiponso kuyamba kugwira ntchito mosalongosoka. Ziwiri zoyambirirazo ndinaziona mwa ine mosakayika, ndipo ndinachita mantha kuti chachitatucho chidzandipeza tsiku lina moyo wa munthu uli m'manja mwanga. Mwezi womwewo ndinayamba kufufuza ntchito kwina.

Tsiku la mayeso anationetsa chipatala chonse, ndipo sindikubisirani, ndinasirira. Fiyeta imagwira ntchito usana ndi usiku, malo osungira magazi ali m'nyumba yomweyo, dokotala wa amayi amabwera pakangopita mphindi zochepa chimuitanireni, ndipo okosijeni amatuluka pakhoma pamutu pa bedi lililonse la odwala kwambiri. M'wodi ya ana obadwa masiku asanakwane ndinaona kamwana kosafika kilogalamu imodzi ndi theka kakupuma mothandizidwa ndi makina a CPAP, pamene kwathu kamwana kotero timakakulunga n'kukatumiza kutali, osadziwa ngati kakafike kamoyo. Anatiuzanso kuti anamwino amene agwira ntchito zaka ziwiri amatha kupatsidwa mwayi wokaphunzira za chisamaliro cha makanda odwala kwambiri, maphunziro amene ndakhala ndikuwalakalaka kuyambira ndili kusukulu. Malipiro ndi okwera kuposa anga a tsopano ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mumzindamo mulinso sukulu zabwino, madzi ndi magetsi odalirika, ndi madokotala a matenda osiyanasiyana, ndipo zimenezi ndi zimene ndinali kuzitcha moyo wabwino ndikamalota.

Ndisanabwerere ndinagona kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi, yemwe wagwira ntchito pachipatala chomwecho zaka zisanu ndi chimodzi. Iye sanandiletse, koma anandiuza kuti walira mvula walira matope, kenako anandiwerengera matopewo. Mashifiti awo ndi a maola 12, ndipo kuti ayambe ntchito 7 koloko m'mawa amadzuka 4 koloko, chifukwa nyumba zapafupi ndi chipatala n'zodula kwambiri ndipo iye amakhala kumapeto kwa mzinda. Lendi yokha imamudyera pafupifupi theka la malipiro, mayendedwe amatenganso gawo lake, ndipo amalipira munthu womusungira mwana akakhala pa shifiti ya usiku. Anandiuza kuti zipangizo zilipodi, koma odwala onse amene zipatala zazing'ono ngati chathu zawalephera amathera kumeneko, moti usiku anamwino awiri amatha kuyang'anira wodi yodzaza mpaka pansi. Pamene ankayankhula ndinamuyang'ana m'maso, ndipo ndinaona kutopa komwe kuja kumene ndimakuona pagalasi kunyumba. Usiku umenewo sindinagone, chifukwa ndinayamba kudzifunsa ngati ndikupita kumene ndikufuna kapena ndikungothawa kumene ndatopa, komanso ngati chimene ndikuchithawacho sichidzakwera nane galimoto yomweyo.

Nditafika kunyumba ndinatenga pepala n'kuwerengetsera. Pano timakhala m'nyumba ya chipatala imene timalipira ndalama yochepa, ndipo kuchokera pakhomo kufika kuwodi ndi ulendo wa mphindi zisanu wapansi. Mwana akadwala usiku ine ndili kuntchito, anzanga oyandikana nawo amamuthamangira ndisanadziwe n'komwe. Nditachotsa lendi, mayendedwe, fizi ndi malipiro a wosunga ana pa malipiro atsopano aja, ndinapeza kuti chotsala sichikusiyana kwenikweni ndi chimene chimatsala panopa, mwinanso n'chocheperako chaka choyamba. Komanso ntchitoyo ndi ya kontrakiti ya zaka ziwiri, yoyamba ndi miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa, pamene kuno ndine wolembedwa mokhazikika ndipo zaka zanga 11 zikuwerengedwa pa penshoni. Za mwayi wamaphunziro uja anangotiuza pakamwa, m'kalata mulibe.

Amuna anga ndi mphunzitsi, ndipo kuti awasamutsire kumzinda pangatenge chaka kapena kuposerapo. Ndi munthu wabwino, sanandiletse kukayesedwa ndipo anandiperekeza okha kukakwera basi, koma kalata itabwera anangoiwerenga, kuipinda bwinobwino, n'kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuyambira pamenepo nkhaniyi ikayambika amayankha kuti ndichite chimene mtima wanga ukufuna, ndipo ine amene ndakhala nawo zaka 15 ndikudziwa kuti mawu amenewo si chilolezo ayi. Tsiku lina anandiuza kuti ngati ndatsimikiza nditsogole ndekha, iwo atsale ndi ana mpaka zinthu zitalongosoka. Ndaonapo mabanja a anzanga akuzirala pang'onopang'ono chifukwa chokhala motalikirana, popanda wolakwa weniweni, ndipo sindikufuna kuti langa likhale limodzi mwa amenewo. Mwana wathu wamkazi ali pamsinkhu umene amafuna mayi ake pafupi ngakhale sanganene, ndipo chaka chamawa akulemba mayeso ofunika. Iye akufunitsitsa kusamuka, koma akuganiza kuti mumzinda ndi mmene amaonera pafoni.

Palinso mayi anga, amene ali ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ine ndi amene ndimawayeza BP sabata iliyonse, kuwakumbutsa mankhwala, ndi kuwayang'ana mapazi ngati ali ndi zilonda, pakuti munthu wa shuga chilonda cha kuphazi amatha osachimva mpaka chitakula. Kunena zoona, kumzinda akanathandizidwa bwino kuposa kuno, koma iwo akuti pa msinkhu wawo sangakakhale m'nyumba yotsekedwa tsiku lonse osadziwa ngakhale dzina la woyandikana naye. Mchimwene wanga akuti adzawasamalira, ndipo mtima wofuna kutero ali nawo, koma sadziwa kusiyanitsa munthu amene shuga wake watsika ndi munthu amene wangotopa.

Chimene chikundilemera kuposa zonsezi, ndipo sindinachiuzepo munthu, ndi anzanga a kuntchito. Azamba tilipo atatu okha, ndipo ine ndikachoka otsala awiriwo azidzalowa usiku modumphitsa tsiku limodzi mpaka atapezeka wina, zimene pachipatala pathu zinatengapo zaka ziwiri. Bungwe la WHO linanena m'chaka cha 2010 kuti pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi amakhala kumidzi, koma anamwino amene amagwira ntchito kumeneko ndi 38 okha mwa 100 alionse, ndipo madokotala safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Kale ndikamamva chiwerengero chimenechi ndinkadzitama kuti ndili m'gulu la otsala, ndipo ndinkawaweruza mumtima anzanga amene anachoka. Lero ndamvetsa kuti aliyense wa iwo anali ndi usiku wake wa tochi. Komabe ndikaganiza kuti mayi wina adzataya magazi pabedi lomwe lija, ndipo womuthandiza adzakhala mzamba amene sanagone mausiku awiri chifukwa cha kuchoka kwanga, ndimadziona ngati wakuba. Nthawi zina mtima umandiuzanso kuti kusowa kwa anamwino sindinakuyambitse ndine, ndipo kuti mzamba amene mtima wake wauma ngati wanga angathenso kuvulaza odwala ngakhale atatsala. Sindikudziwa kuti mwa mawu awiriwa oona ndi ati, ndipo ongodzikhululukira ndi ati.

Alangizi, ndithandizeni kuona chimene ndikulephera kuona ndekha. Kodi munthu angadziwe bwanji ngati kutopa kwake kukuchokera ku malo amene akugwirako ntchito kapena ku ntchito yeniyeniyo? Ngati vuto ndi malo, ndiye kuti kukhala ndi fiyeta, magazi ndi dokotala pafupi kungandibwezere mtima wanga wakale ngakhale odwala atachuluka, pakuti chimene chinandithyola usiku uja sichinali kuchuluka kwa ntchito koma kukhala ndekha ndi munthu amene akufa ndilibe chomuthandizira. Koma ngati vuto ndi ntchitoyo, ndidzakhala nditasokoneza anthu asanu pachabe, ndipo mwina chimene ndikufunika ndi tchuthi chachitali ndi munthu wodziwa uphungu woti ndizikambirana naye.

Ndikufunanso nzeru za mmene ndingawayankhulire amuna anga kuti anene za kukhosi m'malo mondisiyira ndekha mtolo wa chiganizo chimene chikhudze tonse. Ndikuopa kuti ndikapita, vuto lililonse limene tidzakumane nalo lidzakhala mlandu wanga, ndipo ndikatsala, ine ndi amene ndidzawasungire chakukhosi mwakachetechete mpaka kukalamba. Kodi kutsogola ndekha kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwayo, ana n'kutsala mpaka wamkuluyo atalemba mayeso, ndi nzeru kapena ndi njira yongozengereza kusweka kwa banja? Nanga kodi n'kulakwa kulembera chipatala chatsopanocho kupempha kuti andiwonjezere nthawi yoyambira ntchito ndiponso kuti alembe m'kontrakiti za maphunziro aja? Ndikuopa kuti angandione ngati munthu wovuta ndisanayambe n'komwe ntchito, n'kupatsa malowo wina.

Akuluakulu a pachipatala pathu sindinawauzebe kanthu, ndipo malamulo a ntchito amafuna kuti ndipereke chidziwitso cha mwezi umodzi ndisanachoke. Sindikudziwa ngati ndiyambe kuuza iwo kapena azamba anzanga awiri aja, amene ndimadya nawo pamodzi tsiku lililonse ndili ndi kalata m'chikwama. Kwatsala masiku asanu ndi anayi kuti ndiyankhe, ndipo Lolemba ndikuyamba mashifiti a usiku, choncho ndingathokoze mutandiyankha msanga. Chonde musatchule dzina langa kapena kumene ndikukhala.

Ine,
Namwino wothedwa nzeru