The Good Companions ya 1957 muionere m'lifupi mwake monse

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za filimu ya ku Britain ya nyimbo ndi nthabwala yomwe ambiri amaipeputsa, The Good Companions ya 1957, imene anaitsogolera J. Lee Thompson kuchokera ku buku la J. B. Priestley la 1929. Pa malonda sinayende bwino, ndipo ena mpaka pano amati ya 1933 ya Victor Saville, momwe munali Jessie Matthews ndi John Gielgud, ndiyo yokoma. Ife tikuti ya 1957 ili ndi ubwino wakewake, ndipo ubwinowo uli kuseri kwa katani.

Nkhani yake ndi ya kagulu ka zisudzo koyendayenda, a Dinky Doos, komwe kagwa mphwayi chifukwa thumba lauma. Okapulumutsa ndi alendo atatu, aliyense ndi chimene gululo likusowa. Miss Trant, yemwe ndi Celia Johnson, abwera ndi ndalama zolipirira holo, mayendedwe ndi malipiro a pamlungu. Inigo Jollifant, mphunzitsi wothawa sukulu, yemwe ndi John Fraser, akhala pa piyano n'kumapeka nyimbo. Jess Oakroyd wa ku Yorkshire, yemwe ndi Eric Portman, ndi kalipentala, wokhoma ndi kumasula zokongoletsa siteji m'tawuni iliyonse. Aliyense amene anayendetsapo gulu la zisudzo akudziwa kuti pakasowa chimodzi mwa zitatuzi, woimba angakhale ndi mawu okoma bwanji, katani silitseguka. Filimuyi imalemekeza ntchito yoteroyo. Taonani Portman mmene amaimira chapambali, ataweramitsa mapewa, akuyang'ana anzake akuombedwera m'manja, iye osafuna kuonekera. Janette Scott, yemwe ndi Susie Dean, woimba ndi kuvina wa m'gululo, anali ndi zaka 18 zokha pamene filimuyi inkatuluka, ndipo mayi ake omubala, Thora Hird, alimonso ngati mkazi wa Oakroyd.

Chachikulu chimene tikupempha n'chokhudza kaonetsedwe. Filimuyi inajambulidwa mu CinemaScope, njira yojambulira chithunzi chotambalala, ndi Technicolor, njira yojambulira mitundu. Lenzi ya kamera imafinya chithunzi m'mbali, ndipo ya pulojekita imachitambasula, kuti m'lifupi mukhale 2.35 pa msinkhu umodzi. Mukaidzazitsa pa TV yakale ya 4:3, mwataya pafupifupi magawo 43 pa 100 a m'lifupi. Pa ya makono ya 16:9 mwatayabe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Chodukacho si khoma chabe ayi. Thompson amandandalika anthu kuchokera kumanzere mpaka kumanja, wovina ali pakati, wa piyano kumbali, wodikira nthawi yake ali kuseri akusuzumira. Mukadula m'mbalimo, mwachotsa nkhani ya kuseri kwa siteji yomwe filimuyi inapangidwira. Tsono mizere yakuda pamwamba ndi pansi isiyeni, musadine batani la zoom. Mukaona nkhope zatalika ngati mapapaya, dziwani kuti chithunzi sichinatambasulidwe.

Zofooka zilipo, sitibisa. Nkhani ya m'ma 1920 anaisamutsira m'ma 1950, pamene timagulu totere tinali kutha kale, anthu atayamba kukhala m'nyumba kuonera wailesi ya kanema, makamaka ITV itatsegulidwa mu 1955. Oonera a nthawiyo anaiona ngati yachikale. Chionetsero chomaliza cha ku London nachonso n'chachikulu mopitirira, chotsanzira Hollywood, ndipo chimamiza anthu amene tayenda nawo ulendo wonse. Magule ake, omwe anakonza Paddy Stone ndi Irving Davies, ndi aukhondo ndithu, koma mtima wa woonera umatsalira m'tizipinda tovaliramo, momwe Hugh Griffith ndi Bobby Howes, omwe ndi akuluakulu a m'gululo, akukumbutsana za masiku awo akale.

Ndife,
Okonda mafilimu akale